Mwaona nsomba yaitali yoonda kunyanja yamchere? Yambirani kumchira

Ife obadwira m'mphepete mwa nyanja ya Malawi tili ndi chizolowezi chimodzi choyenera kusiya pa boda tikamabwera kuno ku Durban: chilichonse chotuluka m'madzi timathamangira kuchigwira ndi manja. Kwathu ku Nkhotakota zimenezo n'zomveka, chifukwa mwana amakula akudziwa chambo, usipa, ncheni, kampango ndi mlamba, ndipo amadziwa pamene pali minga ya nkholokolo asanayambe n'komwe sukulu. Nyanja yamchere ndi dziko lina. Zamoyo zazitali zoonda zokhazokha zilimo zamitundu yambirimbiri. Zina ndi ndiwo zabwino, zina n'zoletsedwa kugwira, zina zimabaya munthu mpaka kukagona kuchipatala, ndipo china sinsomba n'komwe.

Ine ntchito yanga ndi yosoka zovala, koma Loweruka masana mudzandipeza ndi mbedza ku Blue Lagoon, pomwe mtsinje wa Umgeni umathira m'nyanja. Chifukwa cha ichi anzathu a kumudzi amanditumizira zithunzi pa WhatsApp, amvekere, "Achimwene, ichi n'chiyani?" Ukachiona chithunzicho, mutu wabisika kuseri kwa dzanja, mchira watulukira kunja, chaoneka ndi pamimba pokha. Apo palibe amene angakuyankheni, ngakhale wophunzira wa ku yunivesite. Nsomba zazitali zimafanana pakati. Kusiyana kwake kuli kumapeto kuwiriku, ndipo ine ndimayambira kumchira chifukwa ndi komwe kumandiuza ngati ndiyenera kuyandikira kapena kufutuka.

Mukaona mchira wophwatalala m'mbalimu ngati nkhafi, wachikasu wamadontho akuda, thupi lakuda pamsana koma lachikasu kumimba, bwererani m'mbuyo. Imeneyo ndi njoka ya m'nyanja, ndipo ululu wake ndi wakupha. Imakhala kutali pakati pa nyanja, koma mphepo yamkuntho ikawomba, mafunde amaitaya pamchenga m'magombe a KwaZulu-Natal ndi Eastern Cape. Pamtunda siitha kukwawa bwino, ndiye imangogona ngati yafa, ana n'kumaitokosa ndi timitengo. Muizindikira chonchi: ili ndi mamba a njoka, ilibe chipsepse ngakhale chimodzi, ndipo kuseri kwa mutu kulibe makha, kaboo komwe nsomba imapumira. Imapuma mpweya ngati ife. Kuiponyanso m'madzi n'kosathandiza, mafunde aibwezanso. Chotsani ana, dziwitsani anyamata opulumutsa anthu osambira aja kapena a ku uShaka Sea World, malo osungira zamoyo za m'nyanja kuno ku Durban.

Pali nsomba zomwe zimasokoneza anthu pamenepa. Azungu amazitcha snake eel, ndipo ina mwa izo ndi yoyera yamizere yakuda yozungulira thupi, moti aliyense woiona amakuwa kuti njoka. Koma mchira wake ndi wosongoka, wolimba, chifukwa imaugwiritsa ntchito pokumba mchenga n'kulowamo chafutambuyo. Mukayang'anitsitsa muona kachipsepse kakafupi koyenda pamsana ponse ndi kaboo kopumira kumbuyo kwa mutu. Mchira wosongoka, nsomba. Mchira wophwatalala wopanda chipsepse china chilichonse pathupi, njoka. Ngati madzi ali avundu ndipo simukuona bwino, iyeseni njoka basi.

Tsopano tifike pa yomwe ndimaiopera Amalawi kuposa njoka ija, popeza njoka tonse timaithawa kale. Iyi timaithamangira tokha. Ndi kansomba kandevu, ndevu 8 ngati za mlamba, thupi loterera lopanda mamba, lofiirira, lokhala ndi mizere yoyera kuchokera kumutu mpaka kumchira. Sikakula kwenikweni, kamalekera cha m'ma 30 cm. Dzina lake la sayansi ndi Plotosus lineatus. Tikakhala tating'ono timayenda mounjikana n'kupanga chimpira chakuda chomagubuduzika pansi pa madzi osaya, pafupi ndi matanthwe kapena m'kamwa mwa mtsinje. Munthu wa kunyanja akaona zimenezo mtima umati phaa, ndiwo zapezeka.

Tsiku lina madzi ataphwa ndinaona mnyamata wina wa ku Mangochi atapinda buluku, chigubu chodula m'manja, akulowera pomwe panali chimpira chotere. Bambo wina wachimwenye, wa imvi mbuu, amene amawedza chapafupi, anataya ndodo yake n'kumukuwira kuti asayerekeze. Anatunga kamodzi ndi kaukonde, n'kukagoneka pamwala, n'kutukula ndi pulayazi minga itatu: umodzi pamsana kuseri kwa mutu, iwiri m'mbali. Minga yake ndi yamanomano ndipo ili ndi poizoni. Mnyamata uja anangoti, "Koma madala, si mlamba uwu?" Ayi ndithu. Mlamba wakwathu uli ndi chipsepse cha kumchira chobulungira, choima pachokha, ndipo pamsana ulibe munga. Aka chipsepse cha pamsana, cha kumchira ndi cha kumimba zinalumikizana n'kukathera posongoka. Kakakubayani, viikani malowo m'madzi otentha, otentha ndithu koma osawaula khungu, kwa theka la ola kapena kupitirira, kenako pitani kuchipatala kuti akaone ngati kachidutswa ka munga sikanatsalire m'mnofu. Kakafa minga ija imabayabe, choncho musakaponde ndi phazi lopanda nsapato.

Nsomba yomwe zipsepse zake zalumikizana chomwecho kuzungulira mchira, koma ilibe ndevu, ndi ya banja la mikunga. Apa funso ndi limodzi: kodi kuseri kwa mutu kuli tizipsepse ta m'mbali? Ngati palibe, ndi moray, yomwe ku Mozambique amati moreia. Muiona itasuzumira m'phanga la mwala, ikutsegula ndi kutseka kukamwa. Sikuti ikukuopsezani, ndi mmene imapumira. Koma musapise dzanja m'maenje a matanthwe pofuna nkhanu, chifukwa mano ake anapindikira m'kati ndipo ikaluma kuchotsa chala n'kovuta. Ili ndi nsagwada zina kukhosi zomwe zimabwera kutsogolo kudzakokera chakudya m'mimba. Ngati tizipsepse ta m'mbali tilipo, mlomo wautali wodzaza mano akuluakulu, thupi lotuwa, ndipo mwaikola usiku pansi pamatope m'doko, ndiye pike conger, yomwe imatha kufika mamita 2. Dulani chingwe pafupi ndi mbedza, musalimbane nayo. Ikakhala ndi tizipsepse ta m'mbali, mutu wosasongoka kwambiri, nsagwada ya m'munsi yopitirira pang'ono ya m'mwamba, ndipo mwaipeza pomwe madzi a mtsinje akukumana ndi amchere, ameneyo ndi mkunga weniweni womwe timaudziwa. Mkunga wogwidwa mu Shire kumunsi kuja umabadwira m'nyanja yamchere ya India, umalowa m'mitsinje uli kamwana koonekera mbali zonse, n'kukwera Zambezi, ndipo ukakhwima umabwerera kunyanja kukaswa. Ndiye mukauona ku gombe musadabwe kuti wasochera.

Nsomba zonse ndatchulazi ndi zokhala pansi. Zambiri zomwe anthu amafunsa ndi zoyenda pamwamba pa madzi, zomwe umaziona utaima pa mlatho wowedzera kapena pa khoma la doko, zikuoneka ngati mizere yobiriwira yoimirira malo amodzi. Izi mchira wake nthawi zambiri ndi wamphanda kapena wodukiza, wa nsomba wamba. Zikatero samukirani kukamwa.

Nsagwada zonse ziwiri zikakhala zazitali, zosongoka, zodzaza timano tosanjikana, ndipo chipsepse cha pamsana chili kumbuyo kwenikweni moyang'anizana ndi cha kumimba, imeneyo ndi garfish, ena amati needlefish, ku Beira ndi ku Nacala amati agulha. Yaikulu yake imafika mita ndi theka. Ndi yodyedwa, ngakhale mukaiphika mupeza minga yake ili yobiriwira. Sinawole ndipo si poizoni, ndi mtundu chabe wa mafupa ake. Choopsa chake chili kwina, ndipo asodzi a kauni amvetsetse pamenepa. Kwathu timayatsa nyali pabwato usiku kuti usipa usonkhane, ndipo palibe chimatichitikira. Nsomba iyi ikaona kuwala imadzidzimuka n'kuuluka pamwamba pa madzi mwaliwiro, mlomo patsogolo. Anthu alasidwapo m'maso, pakhosi ndi pachifuwa m'maiko osiyanasiyana, ena mpaka kumwalira. Mukakhala m'kabwato kakafupi usiku, musamaunike pamwamba pa madzi ndi tochi ya pamphumi ngati zimenezi zili pafupi.

Mlongo wake ndi wosavuta kumuzindikira: nsagwada ya m'munsi yokha ndiyo yaitali, ya m'mwamba ndi kachidutswa kakafupi, ndipo kunsonga kwa mlomo nthawi zambiri kumakhala kofiira. Imeneyo ndi halfbeak, meia-agulha kwa Apwitikizi. Ndi yaing'ono, yosaposa theka la mita, yofatsa, ndipo asodzi a kuno amaikonda ngati nyambo.

Kenako pali zomwe mlomo wake ndi paipi, kakamwa kakang'ono kali kunsonga, ndipo zimadya mochita kuyamwa tinsomba. Izi mudzaziona kwambiri mukavala magalasi osambirira m'madzi abata ngati pa Vetch's Pier, pafupi ndi doko la Durban. Apa mchira ndi umene umaweruzanso. Ukakhala wamphanda ndipo pakati pake patuluka kaulusi kataliko, ndi cornetfish. Anthu ambiri amaopa kaulusi kameneko poganiza kuti ndi mbola, koma sikabaya. Thupi lake ndi lophwatalala kuchokera pamwamba, lobiriwirako, ndipo ikaima malo amodzi imasintha n'kuoneka yamizere yopingasa, moti wina atha kulumbira kuti waona nsomba ziwiri zosiyana. Mchira ukakhala waung'ono wobulungira wopanda ulusi, pachibwano pali kandevu kamodzi, ndipo nsombayo yaima chozondoka, mutu pansi, pafupi ndi matanthwe, ndi trumpetfish. Imapezeka yofiirira, yotuwa kapena yachikasu chenicheni, zonsezo mtundu umodzi. N'chifukwa chake ine mtundu wa khungu ndimauika kumapeto penipeni. Umasintha ndi malo, ndi msinkhu, ndipo nsomba ikafa umazimirira m'mphindi zochepa.

Kakakhala kakang'ono kotalika ngati chikhatho kapena kupitirira pang'ono, kouma gwa, thupi lokutidwa ndi timphete ta fupa, kakubisala m'udzu wa pansi pa madzi, ndi pipefish. Mwa timeneti chachimuna ndi chimene chimanyamula mazira. Mu South Africa muno malamulo amaletsa kutigwira, pamodzi ndi seahorse, kansomba ka mutu ngati wa hatchi, ngakhale muli ndi chilolezo chowedzera. Mtundu wina wa m'mitsinje ya ku Eastern Cape, monga Kariega ndi Bushmans, unalembedwa mu 1994 kuti unatheratu, koma pambuyo pake unapezekanso. Kakalowa m'kaukonde kanu ka nyambo, kajambuleni msangamsanga n'kukabwezera.

Zatsala zamano, zomwe msodzi amakumana nazo pa mbedza. Usiku m'doko la Durban mutha kukoka chinthu chonyezimira waliwali, chopyapyala m'mbali, chopanda mamba, chipsepse chimodzi kuyambira kuseri kwa mutu mpaka kumbuyo, ndipo m'malo mwa chipsepse cha kumchira thupi langopitirira kuchepa mpaka kutha ngati tsitsi. Kuno amati walla walla, ku Mozambique peixe-espada, akatswiri amati Trichiurus lepturus. Mukaikhudza, kunyezimira kuja kumakutsalirani m'zala. Mano ake akutsogolo ndi aatali ndipo amadula chingwe, choncho pochotsa mbedza gwiritsani pulayazi. Ku Korea, ku China ndi ku Japan ndi ndiwo yolemekezeka, pomwe kuno ambiri amangoisungira nyambo, zomwe kwa ine n'kuwononga chakudya. Ikafanana nayo kunyezimira ndi mano koma mchira uli wamphanda, ndi wolf herring, yomwe anzathu a kuno amati silky. Minga yake ndi yochuluka moti kuidya kumafuna munthu wopanda changu.

Barracuda ndiyo imatikumbutsa kwathu, chifukwa maonekedwe ake ndi a ncheni wonenepa: mutu wosongoka, nsagwada ya m'munsi yotsogola, mano oonekera. Kusiyana kwake, ncheni ali ndi chipsepse chimodzi cholumikizana pamsana, barracuda ili ndi ziwiri zazifupi zotalikirana. Muchenjere ndi mayina a pagombe. Msodzi wa ku Durban akati wagwira couta sakunena barracuda, akunena king mackerel, yomwe ku Mozambique ndi serra. Couta muidziwa ndi tizipsepse ting'onoting'ono tondandana pakati pa chipsepse cha pamsana ndi mchira, pamwamba ndi pansi pomwe. Chimodzimodzi snoek ya ku Cape Town, ya m'madzi ozizira, si snoek ya ku Natal. N'chifukwa chake dzina lomwe mwauzidwa pagombe muzilisunga, koma musalekere pomwepo.

Za kudya ndinenepo pang'ono. Barracuda zikuluzikulu ndi moray za m'madzi otentha a m'matanthwe a korali nthawi zina zimakhala ndi poizoni wotchedwa ciguatera, yemwe amaunjikana m'thupi mwake kuchokera ku nsomba zing'onozing'ono zomwe zimadya. Samveka fungo, saoneka, ndipo kuphika, kuwamba kapena kuyanika sikumuchotsa. Ine moray sindidya n'komwe, ndipo barracuda yaikulu ndimafunsa kaye eni dera ngati amadya.

Mwina mwaonapo pa Facebook chinsomba chachitali kuposa galimoto, chotuwa monyezimira, chokhala ndi chipsepse chofiira ndi nthenga zofiira pamutu, anthu angapo atachinyamula mondondozana. Chimenecho ndi oarfish, chimafika mamita 8, chimakhala pansi kwambiri ndipo chimabwera kugombe chikadwala kapena chikafa. Nkhani yoti chimalosera chivomerezi inachokera ku Japan, ndipo akatswiri a komweko atafufuza zolembedwa za zaka zambiri analengeza mu 2019 kuti sanapeze mgwirizano. Mukachiona n'chamwayi chabe, ambiri aife tidzafa osachiona.

Nanga ikakhala kuti sikugwirizana ndi iliyonse mwa izi? Zimachitika, makamaka m'chilimwe, pomwe madzi ofunda oyenda m'nyanja otchedwa Agulhas, otsika kuchokera ku Mozambique, amabweretsa ana a nsomba za kumpoto. Apa ntchito yanu ndi kusonkhanitsa umboni. Ngati ili m'madzi, musaithamangitse. Imani phee, jambulani kanema ngakhale wa masekondi 10, chifukwa kasambiridwe kamanena zambiri: mkunga umapinda thupi lonse, garfish imayenda yowongoka n'kumagwedeza kumbuyo kokha, walla walla imakonda kuimirira mutu m'mwamba. Pa kutalika kwake musadzikhulupirire. Chinthu ukachionera m'magalasi osambirira chimaoneka chachikulu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kuwonjezera apo mantha nawo amakuza zinthu. Yerekezani ndi mwala kapena chipilala chomwe inadutsapo, mukayeze chimenecho pambuyo pake.

Ngati ili pamtunda, igonekeni chammbali pamalo osayala, mutu kumanzere monga amachitira m'mabuku a nsomba, pambali pake muikepo silipasi kapena botolo kuti kukula kudziwike. Chithunzi choyamba chikhale cha nsomba yonse, osadula nsonga ya mchira. Chachiwiri mutu chapafupi, kukamwa kotsegula ndi kamtengo. Chachitatu mchira. Kenako tambasulani zipsepse za pamsana ndi pulayazi mujambulenso. Lembani tsiku, malo, nthawi, ngati panali pamchenga, pamatope kapena pamiyala, ngati inali yokha kapena pagulu, ndiponso nyambo yomwe inadya. Foni ikathima, jambulani pamanja pa pepala lililonse. Mu December 1938, Marjorie Courtenay-Latimer wa ku nyumba yosungira zakale ku East London, mu South Africa muno, anatumiza kwa katswiri wa nsomba J.L.B. Smith chojambula pamanja chosakongola n'komwe cha nsomba yachilendo yomwe inakodwa pafupi ndi mtsinje wa Chalumna. Popeza anaonetsa bwino zipsepse ndi mchira, Smith anaizindikira kuti ndi coelacanth, yomwe anthu ankaganiza kuti inatha zaka mamiliyoni ambiri zapitazo.

Pofunsa, yambirani kwa achikulire owedza pamalo omwewo ndi amayi ogulitsa nsomba pamsika. Iwo akuuzani dzina la m'deralo, nyengo yake ndi ngati imadyedwa. Kenako ikani zithunzi pa tsamba la pa intaneti la iNaturalist, pomwe anthu odziwa nsomba amathandiza kwaulere, ndipo dzina lomwe akupatseni mukalitsimikize pa FishBase, tsamba la pa intaneti la mitundu ya nsomba, poona ngati nsombayo imapezekadi mbali ino ya nyanja. Ine pulogalamu za pafoni zongolozetsa kamera n'kukupatsa dzina sindizidalira pa nsomba zazitali, zimatha kukupatsa ya ku America. Bungwe lofufuza za zamoyo za m'madzi la SAIAB la ku Makhanda linatulutsa mu 2022 mabuku 5 a nsomba za m'magombe a mbali ino ya nyanja ya India, ndipo amapezeka kwaulere pa intaneti, kungoti amadya bandulo. Kuno ku Durban kulinso Oceanographic Research Institute, pa uShaka pomwepo, komwe kuli akatswiri a nsomba za gombe lino.

Ikakhala yakufa kale ndipo aliyense amene mwamufunsa akupukusa mutu, musaitumbule ndipo musaipale. Coelacanth ija Smith anadandaula kwambiri chifukwa zam'mimba zake zinali zitatayidwa iye asanafike. Ikulungeni yonse m'pulasitiki, muikemo kapepala kolembapo tsiku ndi malo ndi pensulo, popeza inki imasungunuka ikanyowa, n'kuiika mufiriji mbali youmitsa ija. Ngati mukukhala nyumba yogawana ndi anzanu monga timakhalira ambirife, lembaninso kunja kwa pulasitikiyo ndi zilembo zikuluzikulu kuti si ndiwo.